Funsani Amisiri: Kutsegula serial pa Raspberry Pi ndi timakompyuta tinzake

Makalata ambiri a mwezi uno abwera ndi dandaulo limodzi. Kakompyuta ka bolodi imodzi, makamaka Raspberry Pi, kakukana kulankhulana ndi chipangizo chomwe mwachilumikiza pa serial. Kwa ena ndi GPS, kwa ena sikelo, kwa ena kabolodi ka SIM khadi. Serial yomwe tikunena ndi ija ya mawaya atatu imene amisiri amaitcha UART. TX ndi pakamwa, RX ndi khutu, ndipo GND ndi pamene zipangizo ziwirizo zimayambira poyeza magetsi awo. Makalata ena tawafupikitsa.

Kalabu yathu ya JETS ili ndi Raspberry Pi 3 ndi GPS ya NEO-6M. Talumikiza mawaya koma pulogalamu yathu sikulandira kanthu, ndipo nthawi zina pakutuluka mawu akuti login. Talakwitsa pati? — Mphunzitsi wa sayansi, Chipata

Aphunzitsi, mawu akuti login amenewo ndi omwe aulula vuto. Mapini a serial pa Pi amagwira ntchito ziwiri zosayendera limodzi. Ina ndi console, khomo loti munthu alowere mu Pi kuchokera pa kompyuta ina. Inayo ndi kulankhula ndi zipangizo. Console ikakhala yotsegula, Linux imatenga zonse zomwe GPS ikunena n'kuziyesa dzina la munthu wofuna kulowa, ndipo pulogalamu yanu imangotola nyenyeswa.

Koma yambani ndi mawaya, Pi ili yozimitsa. Mapini alipo 40 m'mizere iwiri. Werengani mzere wa m'mphepete mwa bolodi kuyambira kumbali ya memori khadi: 5V, 5V, GND, TX, RX. Manambala ake ndi 2, 4, 6, 8 ndi 10. Taonani kuti GND yagundana ndi 5V, choncho kuphonya ndi pini imodzi yokha n'kokwanira kuwotcha chipangizo. Chinanso chosokoneza ana n'chakuti mapiniwa ali ndi mayina awiri. Pini 8 imatchedwanso GPIO14, pini 10 ndi GPIO15. Mwana akawerenga GPIO14 n'kukasomeka waya pa pini ya nambala 14, wasomeka pa GND. Mukalemba pinout pa Terminal, Pi imakuonetsani chithunzi cha mapini onse.

Mawaya a TX ndi RX amapingasana. TX ya GPS ipite pa pini 10, RX ya GPS ipite pa pini 8, GND pa pini 6. TX kwa TX ndi anthu awiri olankhula nthawi imodzi popanda womvera.

Tsopano yatsani Pi, lembani:

sudo raspi-config

Sankhani Interface Options, kenako Serial Port. Mafunso ndi awiri. Loyamba likufunsa ngati mukufuna login pa serial, yankhani No. Lachiwiri likufunsa ngati serial yeniyeniyo itsegulidwe, yankhani Yes. Tulukani, muzimitse n'kuyatsanso. Zomwe zachitika n'zakuti mzere wa enable_uart=1 walowa mu fayilo ya config.txt, ndipo mawu akuti console=serial0,115200 achotsedwa mu cmdline.txt. Mafayilo awiriwa kale ankakhala mu /boot, koma kuyambira pa Raspberry Pi OS Bookworm ya mu 2023 ali mu /boot/firmware. Mukafuna kukonza cmdline.txt pamanja, zonse zikhale pa mzere umodzi. Mukadula mzerewo pakati, Pi ikhoza kukana kudzuka. Mawu akuti console=tty1 asiyeni, amenewo ndi a sikirini.

Musanabwezere GPS, yesani Pi payokha. Tikulimbikira pa ichi chifukwa chimadula mlandu pakati. Tengani waya mmodzi, lumikizani pini 8 ndi pini 10, kuti Pi izidzimvera yokha. Ikani minicom, pulogalamu yolembera ndi kuwerenga pa serial, ndi sudo apt install minicom, kenako:

minicom -D /dev/serial0 -b 9600

Dinani Ctrl-A kenako O, lowani mu Serial port setup, muike Hardware Flow Control pa No. Zilembo zomwe mukulemba zikamaoneka, ndipo mukazula waya uja zikaleka kuoneka, ndiye kuti mbali ya Pi ilibe mlandu. Potuluka ndi Ctrl-A kenako X. Ikakuuzani kuti Permission denied, dzina lanu silili m'gulu la dialout. Lembani sudo usermod -aG dialout $USER, mutuluke n'kulowanso. Mu pulogalamu yanu muzilemba /dev/serial0, osati ttyS0 kapena ttyAMA0, chifukwa dzina limeneli limatsata serial yomwe ili pa mapini 8 ndi 10 pa Pi 3 ndi Pi 4.

NEO-6M imachoka kufakitale ikulankhula pa 9600. Mudzaona mizere yoyamba ndi $GPRMC ndi $GPGGA sekondi iliyonse. Mu $GPRMC muli chilembo V kapena A. V akutanthauza kuti GPS sinapezebe masetilaiti okwanira, ndipo m'kalasi ya denga la malata idzakhala pa V tsiku lonse. Tulukani nayo pabwalo la mpira, kaeriyo kayang'ane kumwamba, mudikire mphindi zingapo. Mu Chipata mudzaona manambala oyamba ndi 1338 kenako S, ndi 03238 kapena 03239 kenako E. Auzeni ana kuti 1338.7 ndi madigiri 13 ndi maminitsi 38.7, ndiye agawe 38.7 ndi 60 kuti apeze 13.645, aikenso minus popeza tili kummwera. Akangosuntha kadontho n'kulemba 13.387, mapu adzawaika makilomita oposa 25 kuchoka pomwe aima. Nthawi ya GPS ili kumbuyo kwa yathu ndi maola awiri, si kuti yawonongeka ayi.

Ndatsatira zonse, zinthu zikubwera, koma ndi timabokosi ndi zilembo zosawerengeka. — Wowerenga wa ku Petauke

Nkhani yabwino ndi yakuti mawaya anu akufika. Chatsala ndi mgwirizano. Pa UART palibe waya wa wotchi wouza wolandira kuti werenga tsopano, choncho mbali zonse ziwiri ziyenera kudziwiratu liwiro, lomwe limatchedwa baud. Pa 9600 ndi makonzedwe a 8N1, chilembo chimodzi chimatenga mabiti 10: loyambira limodzi, asanu ndi atatu a chilembocho, ndi lotsekera limodzi. Ndiye pa sekondi pamadutsa zilembo 960. Wolandira akamawerenga pa 115200 pomwe wotumiza ali pa 9600, amadula mabitiwo pena paliponse, n'chifukwa chake timabokosito. Onani buku la chipangizo chanu. Ngati palibe, yesani motsatana 9600, 115200, 19200, 38400, 57600, ndipo pa zipangizo zakale 4800 ndi 2400.

Chachiwiri ndi GND. Anthu ambiri amaiwala wayayu pamene chipangizo chili ndi batire lakelake. Popanda GND mmodzi, 3.3V ya uyu siidziwika kwa mnzake, ndipo uthenga umabwera mwa apo ndi apo.

Chachitatu n'chozama pang'ono. Pi ili ndi mitundu iwiri ya UART. PL011 ndi yathunthu, mini UART ndi yoperewera. Pi 3 itatuluka mu 2016 ili ndi Bluetooth, PL011 inapatsidwa kwa Bluetooth, ndipo pa mapini 8 ndi 10 panatsala mini UART. N'chimodzimodzi pa Pi 4, Zero W ndi Zero 2 W. Liwiro la mini UART limadalira wotchi ya mkati mwa chipu, ndiye wotchiyo ikasintha baud nayo imasendera. Mzere wa enable_uart=1 umaimika wotchiyo pamalo amodzi, choncho onetsetsani kuti palibe wina anaikamo mizere ya overclock yosintha core_freq. Mini UART ilibenso parity, biti yowonjezera yotsimikizira kuti chilembo chafika bwino (N ya mu 8N1 ikutanthauza kuti palibe, E kuti ilipo). Chipangizo chikafuna 8E1 kapena 7E1, sizidzatheka ngakhale mutayesa baud iliyonse.

Lembani ls -l /dev/serial0. Ikaloza ttyS0, muli pa mini UART. Kuti mutenge PL011, onjezani mzere uwu mu config.txt:

dtoverlay=disable-bt

Kenako sudo systemctl disable hciuart, muyatsenso. Tsopano serial0 idzaloza ttyAMA0. Wi-Fi siikhudzidwa. Palinso dtoverlay=miniuart-bt imene imasinthanitsa ziwirizo kuti Bluetooth ikhalebe, koma pa Pi yokhomedwa m'bokosi kumunda kapena kudepoti sitiona chifukwa chosungira Bluetooth.

Zonsezi zikakhala bwino koma Pi ikumangodziyatsanso kapena kuchita ulesi, onani chaja. Pi 3 imafuna 5.1V ndi 2.5A, Pi 4 imafuna 3A. Lamulo la vcgencmd get_throttled likayankha 0x0, magetsi akukwana.

Ndinalumikiza TX ya Arduino Uno molunjika pa Pi. Zinagwira sabata imodzi, tsopano Pi ikutumiza koma sikulandira. — Wophunzira zamagetsi, Katete

Mnzathu, zikuoneka kuti pini 10 yapsa. Uno imalankhula pa 5V, mapini a Pi ndi a 3.3V ndipo sapirira 5V. Kugwira kwa sabata imodzi kuja sikunali umboni woti zili bwino, piniyo inkawonongeka pang'onopang'ono. Tsimikizani ndi kuyesa kwa waya mmodzi pakati pa 8 ndi 10 komwe tafotokoza pamwambapa. Ikalephera pomwe makonzedwe ali bwino, piniyo siikonzeka. Ngati Pi yonse ikugwirabe ntchito, gwiritsani kachingwe ka USB kupita ku TTL (kotulutsa TX, RX ndi GND kuchokera pa USB), kapena ingolumikizani Uno ndi chingwe chake cha USB. Idzaoneka ngati /dev/ttyACM0, kapena /dev/ttyUSB0 ikakhala ya chipu cha CH340, ndipo nkhani ya mavolti yathera pomwepo.

Mukafunadi mapini, tsitsani 5V ndi marezisita awiri. Ya 1k ichoke pa TX ya Arduino kupita pa RX ya Pi, ya 2k ichoke pa RX ya Pi kupita pa GND. Pamenepo pafika 3.3V. Ya 1.8k ndi 3.3k nazo zimachita. Kuchoka pa Pi kupita ku Uno sipafunika kanthu, Uno imamva 3.3V.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe tikufuna aliyense wowerenga tsambali achitenge. Waya wa TX akakhala chete amakhala pamwamba. Yatsani chipangizo chachilendo chisanalumikizidwe ku Pi, ikani malitimita pa DC, yezani pakati pa TX yake ndi GND. Ikaonetsa 3.3V kapena kuchepera pang'ono, lumikizani. Ikaonetsa 5V, ikani marezisita. Ikaonetsa nambala ya minus, musayerekeze n'komwe, werengani yankho lotsatirali.

Timagula soya ndi nshawa. Sikelo yathu ili ndi soketi ya mapini 9 kumbuyo, ndipo tikufuna kulemera kwa thumba lililonse kuzilowa kokha mu Pi m'malo molemba m'kabuku. Ndingadule chingwe n'kulumikiza pa mapini 8 ndi 10? — Kalaliki wa padepoti, Lundazi

Ayi bambo, musadule. Soketi imeneyo ndi DB9, ndipo chinenero chake ndi RS-232. Kakonzedwe ka mabiti n'kofanana ndi ka UART ya Pi, koma magetsi ndi ena. RS-232 imasewera pakati pa minus ndi plus, kuyambira 3V mpaka 15V mbali iliyonse, ndiponso ndi yotembenuka: 1 ndi minus, 0 ndi plus. Marezisita sangathandize pano. Pafunika chipu chomasulira.

Njira zilipo ziwiri, ndipo padepoti pomwe pali fumbi, matumba akugwa ndi manja ambiri, ife tikusankhirani yoyamba. Gulani chingwe cha USB kupita ku RS-232. Chidzaoneka ngati /dev/ttyUSB0, sichifuna raspi-config, chimadziwa parity, ndipo tsoka likagwa chimapsa ndi chingwecho osati Pi.

Yachiwiri ndi kabolodi ka MAX3232. Onani nambalayo bwino. MAX232 yopanda 3 wa kutsogolo uja ndi ya 5V, ndipo idzatumiza 5V pa pini 10. VCC ya MAX3232 ipite pa pini 1 yomwe ndi 3.3V, GND pa pini 6, TXD ndi RXD pa 8 ndi 10. Opanga timabolodi timeneti sagwirizana pa kalembedwe ka TXD ndi RXD, ndiye yesani poyamba: gundanitsani pini 2 ndi pini 3 za DB9 ndi kawaya, mulembe mu minicom. Zilembo zikapanda kubwerera, sinthanitsani mawaya awiri a ku Pi. Kachipuko kakatentha moti simungakagwire, zimitsani msanga. Kawirikawiri ndi waya wolakwika kapena chipu chachinyengo.

Pa DB9 mapini ofunika ndi atatu: 2, 3 ndi 5. Pini 5 ndi GND. Pa kompyuta 2 ndi yolandira, 3 ndi yotumiza, koma masikelo ena amatsata dongosolo lomweli pomwe ena amalitembenuza. Malitimita idzakuuzani. Yatsani sikelo, waya wakuda pa pini 5, wofiira pa 2 kenako pa 3. Yomwe yaonetsa minus, mwina -5V mpaka -12V, ndiyo TX ya sikelo. Yezaninso chimodzimodzi kumbali ya chingwe chanu. Ngati mbali zonse ziwiri minus ili pa pini imodzimodzi, mukufunika chingwe chopingasa chotchedwa null modem. Chingwe chisapitirire mamita 15.

Mu menyu ya sikelo muli baud, parity, ndi nthawi yotumizira. Masikelo ena amatumiza mosalekeza, ena amadikira mudine batani la Print. Ambiri amene amati sikelo yawo siikutumiza amakhala kuti sanadine batani limeneli. Ngati sikelo ili pa 7E1 ndipo mwasankha MAX3232, muyenera kuchita disable-bt kaye.

Powerenga ndi Python, ikani python3-serial, mutsegule motere:

s = serial.Serial('/dev/ttyUSB0', 9600, timeout=2)

Kenako s.readline() ikupatsani mzere umodzi. Musasiye timeout, apo ayi pulogalamu idzaima kudikira mpaka kalekale chingwe chikazuka. Masikelo ambiri amaika ST kumayambiriro kwa mzere thumba likakhazikika, ndi US likamagwedezeka. Muzisunga mizere ya ST yokha, chifukwa nambala yotoledwa thumba lili mkati mogwa imabera mlimi kapena inuyo. Ndipo popeza ndi sikelo yogulira mbewu, musatsegule bokosi lake kufuna mawaya a mkati. Chidindo cha a Zambia Metrology Agency chikaduka, sikeloyo iyenera kuyesedwanso.

Ndikufuna Pi izinditumizira SMS thanki ya padimba ikadzaza. SIM800L, kabolodi ka SIM khadi, ikuyankha OK ndikalemba AT, koma ndikati itumize uthenga imazima n'kuyambiranso. — Mlimi wa tomato, kufupi ndi Mwami

Serial yanu ili bwino, poti OK akubwera. Vuto ndi njala ya magetsi. SIM800L imafuna pakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo ikamalankhula ndi nsanja ya netiweki imakoka mpaka 2A m'kamphindi kochepa kwambiri. Pini ya 3.3V ya Pi siingapereke zimenezo, ndipo ya 5V yapitirira malire. Ipatseni magetsi akeake: batire limodzi la 18650, kapena kabolodi kotsitsa magetsi ka LM2596 komwe mwakatembenuza mpaka malitimita yaonetsa 4.0V musanalumikize. Wotchererani kapasita ya 1000µF pafupi penipeni ndi VCC ndi GND za SIM800L, mwendo wa minus ku GND. Mawaya a magetsi akhale aafupi ndi onenepa. Timawaya topyapyala ta pa breadboard timadya mavolti panjira, ndipo ndi timene timachititsa kuzimaku nthawi zambiri. GND ya batire, ya SIM800L ndi ya Pi zikumane.

Mapini a serial a SIM800L ndi a 2.8V. TX yake ipite molunjika pa pini 10, Pi imamva. Kuchoka pa pini 8 ikani rezisita ya 1k panjira, ndi ya 5.6k kuchoka pa RX ya SIM800L kupita ku GND, kuti 3.3V itsike kufika 2.8V.

Kanyali ka pa SIM800L kamanena zambiri. Kakamaphethira sekondi iliyonse, sikanalowe pa netiweki. Kakamaphethira pakapita masekondi atatu, kalowa. Funsaninso ndi malamulo awa. AT+CPIN? iyankhe READY, apo ayi chotsani PIN poika SIM mu foni. AT+CSQ imapereka mphamvu ya netiweki kuyambira 0 mpaka 31, 99 ndiye kuti palibe, ndipo pansi pa 10 mauthenga amavuta. AT+CREG? ikayankha 0,1 muli pa netiweki yanu. Kwanuko kumalire yang'anitsitsani pamenepa: 0,5 ndiye kuti SIM yagwira nsanja ya ku Malawi ndipo ili pa roaming, choncho mtengo wa uthenga ukhoza kusintha. Lamulo la AT+COPS limakulolani kuumiriza netiweki yakwanu. Musanatumize lembani AT+CMGF=1, ndipo uthenga umatsekedwa ndi Ctrl-Z, yomwe mu pulogalamu ndi baiti ya 26. Khazikitsani baud ndi AT+IPR=9600 kenako AT&W, kuti isamachite kulota liwiro nthawi iliyonse ikadzuka. Kumbukirani kuti SIM800L ndi ya 2G yokha. Ikani foni yanu pa 2G mutaima padimbapo, muone ngati ikugwira musanakhome bokosi.

Ndili ndi zipangizo zitatu za serial koma mapini ndi awiri okha. Komanso mnzanga ali ndi Pi 5, akuti malangizo a Pi 4 sakugwira. — Wowerenga wa ku Kapata

UART imodzi, chipangizo chimodzi. Musaphatikize ma TX awiri pa waya mmodzi. Pa Pi 4 pali ma PL011 ena anayi obisika, ndipo iliyonse imatsegulidwa ndi mzere umodzi mu config.txt. Wa dtoverlay=uart3 umaika TX pa pini 7 ndi RX pa pini 29. Wa dtoverlay=uart5 umaika TX pa 32 ndi RX pa 33. Yambani ndi ziwirizi. Uart2 ili pa 27 ndi 28, mapini omwe Pi imawerengera ma HAT (timabolodi tosomeka pamwamba pa Pi), ndipo uart4 ili pa 24 ndi 21, omwe ndi a SPI, njira ina yolumikizira zipangizo. Pini 7 nayo ndi yomwe 1-Wire, njira yolankhulira pa waya mmodzi, imatenga mukaitsegula, ndiye ngati muli ndi choyezera kutentha cha DS18B20 pamenepo, chisamutseni. Mukayatsanso lembani ls /dev/ttyAMA* muone mayina, chifukwa manambala ake amasiyana malinga ndi OS yomwe muli nayo. Pi 3 ilibe zimenezi, kumeneko ndi USB basi.

Mnzanuyo akunena zoona. Pi 5 ili ndi kasoketi kakekake ka mapini atatu pakati pa ma HDMI awiri, kopangidwira console. Dzina lake ndi ttyAMA10, ndipo serial0 imaloza kumeneko. Kuti atsegule mapini 8 ndi 10 aike dtparam=uart0=on mu config.txt, ndipo mu pulogalamu alembe /dev/ttyAMA0. Disable-bt siifunika pa ntchito imeneyi pa Pi 5.

Ndilibe sikirini ya HDMI, ndili ndi laputopu yokha. Ndingalowe bwanji mu Pi netiweki ikakana? — Mayi wa pa intaneti kafe, Chadiza

Mayi, apa console ija tinaitseka mu yankho loyamba ndi yomwe mukufuna. Gulani kachingwe ka USB kupita ku TTL ka 3.3V, ka chipu cha CP2102, CH340 kapena FT232. Ngati kali ndi kajampa kosankhira 5V kapena 3.3V, ikani pa 3.3V. Zulani memori khadi muiike mu laputopu. Windows idzaona gawo limodzi laling'ono, ndipo ikakupemphani kufomata gawo lina, kanani. Tsegulani config.txt, onjezani enable_uart=1 kumapeto, muonenso kuti console=serial0,115200 ilimo mu cmdline.txt.

Pa zingwe zambiri za mawaya anayi, wakuda ndi GND ndipo apite pa pini 6, woyera ndi RX apite pa pini 8, wobiriwira ndi TX apite pa pini 10. Mitundu si lamulo, choncho yezani: TX ndi amene akuonetsa 3.3V. Wofiira ndi 5V. Mukulungeni ndi tepi, asakhudze kanthu, Pi idye pa chaja yake. Mu Device Manager onani nambala ya COM, tsegulani PuTTY, sankhani Serial, liwiro 115200, Flow control pa None. Yatsani Pi, mudikire, mudine Enter. Kuyambira mu 2022 dzina lakale la pi silibweranso lokha, ndiye dzina ndi pasiwedi muziikiretu mu Raspberry Pi Imager polemba khadi.

Amene muli ndi Orange Pi, console imakhala pa timapini titatu tapadera tolembedwa GND, RX, TX. Mabolodi a chipu cha Allwinner ali pa 115200, koma a Rockchip monga Orange Pi 5 ali pa 1500000, liwiro lomwe CP2102 yakale siifika. Tengani CH340 kapena FT232. Pa Armbian ma UART ena amatsegulidwa mu armbian-config, kapena pa mzere wa overlays mu /boot/armbianEnv.txt.

Ndikuwerenga chaja kontirola ya sola ndi ka USB ka RS-485, palinso ka USB kena ka GPS. Malaiti akazima n'kubwera, pulogalamu imasokonezeka. Kontirola ili mamita 40 kuchokera muofesi. — Woika masola, Mfuwe

Linux imapereka ttyUSB0 kwa chipangizo chomwe chayamba kudzuka, ndiye lero ndi kontirola, mawa ndi GPS. Lembani ls -l /dev/serial/by-id/ ndipo mugwiritse dzina lalitali lomwe mupeze mmenemo, silisintha. Zikakhala kuti zonse ziwiri ndi za CH340, zilibe nambala yozisiyanitsa, ndiye gwiritsani /dev/serial/by-path/ imene imatsata bowo la USB. Lembani ndi maka pa chingwe chilichonse kuti wosesa akazula abwezere pomwe chinali.

Mamita 40 si kanthu kwa RS-485, imafika mpaka mamita 1,200 pa liwiro lotsika. Imatha kutero chifukwa imayeza kusiyana pakati pa mawaya awiri, A ndi B, ndiye phokoso la invata likalowa mwa onse awiri mofanana limafafanizika. Koma mawayawo akhale opotana. Mu chingwe cha Cat5 tengani awiri a mtundu umodzi, monga wabuluu ndi woyera wa mizere yabuluu, ndipo wachitatu akhale GND. Pano sipapingasana: A kwa A, B kwa B. Opanga ena amasinthanitsa zilembozi, choncho kontirola ikakhala chete tembenuzani awiriwo, palibe chomwe chingapse. Ikani rezisita ya 120 ohm pakati pa A ndi B kumapeto onse awiri a chingwe, osati pa chipangizo chilichonse, mutaona kaye ngati ka USB kanu kalibe kale yake. Chingwecho chisayende m'paipi imodzi ndi mawaya a 230V.

Makontirola ambiri ali ndi soketi yofanana ndi ya netiweki. Si ya netiweki, ndipo mapini ena amatulutsa magetsi, choncho musaisomeke mu rauta kapena mu Pi. Baud, parity ndi adiresi ya Modbus (chinenero chomwe kontirola imalankhula pa RS-485) zili m'buku la kontirola, ndipo chimodzi chikaphonya mudzangoona timeout, popanda ngakhale timabokosi toti tikuuzeni kuti mawaya akufika.

Amene mukufuna kulumikiza RS-485 pa mapini a Pi m'malo mwa USB, tengani MAX3485 kapena SP3485 za 3.3V, osati MAX485 ya 5V, ndipo musankhe kabolodi kosintha kokha pakati pa kutumiza ndi kulandira, chifukwa kuyendetsa mapini a DE ndi RE, omwe amasintha zimenezi, ndi Python kumachedwa n'kudula chiyambi cha yankho la kontirola.

Chomaliza ndi ziphaliwali. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, chingwe cha mamita 40 pakati pa nyumba ziwiri chimatola magetsi ngakhale mphezi itagwera patali, ndipo ka USB kotchipa kamawapititsa molunjika mu Pi. Gulani ka RS-485 kolembedwa isolated, kokhala ndi ma TVS diode (oteteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi) pa A ndi B, ndipo chingwecho chikwirireni pansi m'paipi m'malo mochipachika m'mitengo.